Nsalu Inafika Youma

Achemwali anga anamwalira mu Julayi, mwezi umene ife a ku Mangochi timadandaula kuti kwazizira chifukwa tagona mpaka kucha osakankha chofunda. Foni inalira m'mawa nditangoyamba ntchito pamalo anga okonzera njinga, kufupi ndi mlatho. Anali alamu anga, amuna awo a achemwaliwo, akuimba kuchokera kumudzi kwawo kupitirira Namwera.

"Alamu, achemwali anu atisiya. Lero m'bandakucha."

Ndinayankha kuti, "Chabwino." Mpaka lero sindidziwa chimene chinali chabwino pamenepo. Sipanala inali m'manja, ndipo ndinayamba ndamaliza kumanga nati ya gudumu lakumbuyo la njinga ya kasitomala, foni ili pakati pa khutu ndi phewa.

Achemwaliwa ndiwo anandilera mayi atamwalira. Ankagulitsa usipa pamsika, ndipo nditasiya sukulu mu sitandade faifi sanandikalipire. M'malo mwake ankandisungira manyuzipepala akale okulungira nsomba. Iwo sankadziwa kuwerenga, koma akaona pepala la zilembo zambiri ankaliwongola pabondo n'kulibisa m'chilundu kuti lisapite ndi kasitomala. Maphunziro anga onse anayambira pamapepala onunkha usipa, ndipo nkhani zambiri za dziko lapansi ndimazidziwa theka, chifukwa theka linalo linapita ndi ndiwo za anthu.

Ife kwathu ndife a tchalitchi. Achemwali analowa Chisilamu pokwatiwa, kalekale, ndipo panalibe amene anakangana nazo. Koma mwambo wa maliro umene unali m'mutu mwanga unali wa kwathu. Kwathu mkazi akamwalira, bokosi amagula ndi mlongo wake, ndipo maliro sanyamuka mwini mbumba asanafike. Maliro a mayi tinawasunga mpaka amalume atabwera kuchokera ku Joni, anthu akuimba ndi kudya, osadandaula.

"Bokosi ndigula ine," ndinatero.

"Alamu, mwaiwala? Ife sitiika m'bokosi. Timakulunga m'sanda, nsalu yoyera basi. Tiipeza konkuno pa Namwera."

"Ayi. Imeneyo ndiye ndigula ine. Musagule."

Ndinkamva azimayi akulira chapansipansi kumbuyo kwawo.

"Ndiye fulumirani. Tiika tikatuluka kumzikiti, ku swala ya masana. Kuno maliro sitigoneka."

Ndinamva bwinobwino. Kungoti mumtima ndinati ndi mmene anthu amayankhulira pofuna kuti munthu asachedwe. Angaike bwanji mwini mbumba ali panjira?

Ndinakagula nsalu ya bafuta m'sitolo ina mumsika. Wogulitsa sanandifunse zambiri. Atamva kuti ndi sanda anangoti, "Mwamuna kapena mkazi?" Ndinati mkazi, iye n'kuwonjezera mikwamba, akuti wamkazi amatenga yambiri. Anaipinda bwinobwino, anaiika m'jumbo, n'kundiuza kuti isanyowe ndiponso ndisaiike pansi. Kenaka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukukwera chonchi? Kumtunda kuli chiperoni kuyambira dzulo."

Ndinali nditavala shati ya manja aafupi ndi patapata. Jekete ndili nayo, ndinagula pakaunjika, koma ntchito yake ndi kutsamira ndikamawerenga. Ine ndawerenga kwambiri za kuzizira. Ndikhoza kukufotokozerani za maiko amene mitsinje imauma gwa ngati simenti, ndi za anthu amene amataya zala chifukwa cha chisanu. Sizinandilowe m'mutu kuti phiri limene ndimaliona tsiku ndi tsiku kutsidya kwa Shire lingakhale ndi kuzizira kwakekwake. Tsiku limenelo silinkaoneka n'komwe. Mtambo unali utalikhalira mpaka m'chiuno. Kuno kumunsi mwera unali ukuomba kuyambira usiku, fumbi likulowa m'maso, mabwato onse atakokeredwa kumtunda, koma dzuwa linalipo ndipo ndinkatuluka thukuta.

Ndinapeza kalole ka matola kotseguka kumbuyo, katatsala pang'ono kudzaza. Ndinakhala pa tayala lapadera, jumbo ili pamiyendo. Kumanzere kwanga kunali mayi wina wa beseni lalikulu la usipa wouma, lovindikira ndi pulasitiki, akupita kukagulitsa kumtunda. Moyang'anana nane munali mphunzitsi wochokera ku Rumphi amene anamutumiza kusukulu ina ya kumalire, atavala jekete ndi chipewa chaubweya. Pakona panali bambo wina wachikulire wa mzuli woyera kumutu, atatsinzina.

Msewu wa ku Namwera ukawoloka mlatho umayamba wanyenga munthu. Umayenda pachigwa, migwalangwa uku ndi uku, kenaka umayamba kukwera phiri la Chowe mokhotakhota ngati njoka yomenyedwa. Pa makona oyamba ndinkaonabe mtsinje kumunsi ukunyezimira. Titakhotanso kangapo, mtsinje unasowa. Mphepo inasintha, inayamba kuluma m'makutu. Kenaka tinalowa m'chifunga, ndipo kunayamba mvula yamawawa, ija yosagwa koma yongoyenda cham'mbali, yolowa m'khosi ndi m'khwapa. Dalaivala anayatsa nyali masana. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inkatulukira mwadzidzidzi, ikugwedezeka, n'kusowanso.

Ndinalowetsa jumbo mkati mwa shati, pamimba. Ndinkaganiza kuti tsopano ndiyamba kukumbukira achemwali, poti nthawi ilipo ndipo palibe chochita. Koma chimene ndinkaganiza ndi chakuti njinga ija ndaisiya panja osakhoma.

Tinaima pambuyo pa mzere wa magalimoto. Poyamba tinkayesa ndi apolisi. Kondakitala anatsika, anasowa m'chifunga, n'kubwera akupukusa mutu. Lole yonyamula mabelo a fodya, ikutsika phiri, inapeza nthambi yaikulu itagwera mumsewu pakona. Dalaivala poizemba, matayala anaterereka pa tala wonyowa, loleyo n'kugona cham'mbali, mutu kuphiri, matako kuphompho. Palibe amene anafa. Koma msewu wonse unali utatsekeka, moti ngakhale njinga sikanadutsa.

"Akuti chigalimoto chokoka chikubwera," anatero kondakitala.

"Chikuchokera kuti?" anafunsa mayi wa usipa.

"Chikubwera, amayi."

Tinakhala. Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji, chifukwa kunalibe dzuwa loti n'kuyang'ana. Kumwamba kunali mbuu, pansi mbuu. Ndinatulutsa foni kuti ndiwauze alamu, koma pamenepo netiweki siifika. Ndinaibweza m'thumba. Sindinade nkhawa. Ndinawerenga zonse zolembedwa pakhomo lakumbuyo la minibasi imene inali patsogolo pathu, ndinawerenga thumba la feteleza limene munthu wina anafunda kumutu, mpaka tizilembo tating'ono ta pansi tonena za kasungidwe kake. Mano anga anayamba kugundana okha, ndipo ndinkawamvetsera ngati ndi a munthu wina.

Mphunzitsi uja anandiyang'ana n'kuseka.

"Anthu a kunyanja inu! Kumeneku mukuti kuzizira? Kwathu ku Rumphi nyengo ngati iyi ana amasewera osavala."

"Ndiye vulani jeketeyo muwapatse anzanuwa, aphunzitsi," anatero mayi wa usipa. "Poti kwa inu kukutentha."

Anthu anaseka. Mphunzitsi anakweza zipi mpaka pachibwano, akuti ali ndi chifuwa.

Mayiyo anatembenukira kwa ine. "Nanunso abambo, mwabisa chiyani pamimbapo? Ndakuonani pokwera, ndi nsalu imeneyo. Fundani. Mufera m'galimoto ya eni ake chifukwa choopa akazi anu?"

"Si yofunda," ndinatero. "Ndi sanda."

Mayiyo anagwira pakamwa. Bambo wa mzuli uja, amene ndinkayesa ali m'tulo, anadzutsa mutu, ananong'ona mawu a Chiarabu, kenaka anandifunsa m'Chichewa chake cholemera Chiyao.

"Wamwalira ndani?"

"Achemwali anga."

"Liti?"

"Lero m'bandakucha."

"Ndiye mwangokhala phee nthawi yonseyi? Akuika liti?"

"Anati ikatha swala ya masana. Koma adikira. Mlongo wawo ndine ndekha."

Anandiyang'ana mmene mumayang'anira mwana amene wanena kuti nyanja ithera pomwe maso akuthera.

"Achimwene, m'nyumbamo muli munthu wosambitsidwa kale, akudikira nsalu. Sakudikira inu. Dzukani."

Ndinadzuka. Miyendo inali itafa dzanzi. Mayi wa usipa anachotsa pulasitiki pa beseni lake, anaikutumula, n'kukulunga jumbo yanga kawiri, akumanga ndi kachingwe ka mphira. Ndinati nanga nsomba zanu zinyowa. Iye anakhalira besenilo n'kulifunditsa chitenje chake.

"Pitani, abambo. Pepani."

Fungo la pulasitikiyo linandilowa m'mphuno, fungo lomwe lija la mapepala anga. Ndinadziwa kuti apa ndi pamene munthu amayenera kulira. Ndinadikira pang'ono, koma sipanabwere kanthu, ndiye ndinatsika.

Bambo uja anatsogola. Tinadutsa magalimoto oima, anthu atadzipanikiza m'kati magalasi atachita nthunzi. Pamalo a ngozi panali chipwirikiti. Mabelo anali mbwee mumsewu, eni fodya akulimbirana tenti imodzi, wina akutukwana dalaivala, dalaivala atakhala pamwala atagwira mutu. Anyamata a lole ankaletsa anthu kuyandikira, poopa akuba. Bamboyo sanakambirane ndi aliyense. Anangokweza mawu.

"Sanda! Mpatseni njira wa sanda!"

Mkangano unaima. Amene ankatukwana uja anavula chipewa. Mmodzi mwa anyamatawo anatilozera kumatako kwa lole, kumene kunatsala kanjira kopapatiza pakati pa matayala ndi phompho. Phompholo silinkaoneka, chifunga chinali chitalidzaza mpaka pakamwa, ndipo mwina ndi chifukwa chake sindinachite mantha. Dothi lake linali lofiira, loterera ngati therere. Anthu anaima motsatana n'kumandipatsirana dzanja, wina kundigwira mkono, wina lamba. Mmodzi mwa iwo anali mphunzitsi uja, jekete yake yonse matope. Sindinadziwe kuti anatitsatira. Pakati penipeni patapata wakumanja anaduka, n'kutsetserekera kumunsi. Ndinavula winayo n'kumutayanso komweko kuti asasungulumwe.

Kutsidya kwa lole kunali mzere wina wa magalimoto otsika, ndi njinga zamoto za kabaza zochepa. Bambo wa mzuli anayankhula ndi mmodzi wa akabazawo m'Chiyao, mwachangu, akuloza mtolo wanga. Wakabazayo anagwedeza mutu, anapukuta chishalo ndi dzanja. Ndisanathokoze, bamboyo anali atabwerera kale m'chifunga, poti katundu wake anatsala m'kalole.

Tinayenda pang'onopang'ono. Wakabaza ankaliza hutala pa kona iliyonse, miyendo ataitsitsa ngati mwana wophunzira kupalasa. Mphepo inkatikankhira kumbali. Ine ndinabisa nkhope kumsana kwake, mtolo uli pakati pathu. Mapazi sindinkawamvanso. Ndinawayang'ana kamodzi kuti nditsimikize kuti alipo, ndipo ndinakumbukira za anthu otaya zala aja. Ndinaganiza kuti ndikadula chala pa Chowe anthu a ku Mangochi sadzandikhulupirira.

Tikulowa pa Namwera ndinamva kuitana kochokera kumzikiti. Masitolo anali otseka theka, anthu ataunjikana m'makonde, atafunda mabulangete. Ndinamugwira wakabaza paphewa.

"Imeneyi ndi swala ya masana?"

"Ya masana inapita kale, bwana. Iyi ndi yachiwiri, ya kumadzulo."

"Chabwino," ndinatero.

Kuchokera pa Namwera msewu ndi wafumbi, koma tsiku limenelo fumbi lonse linali phala. Tinagwa kamodzi pa kamtsetse ka kudambo. Sitinavulale. Ndinapezeka nditakhala m'matope mpaka m'chiuno, manja onse ali m'mwamba atanyamula mtolo, ngati munthu wowoloka mtsinje ndi ufa. Wakabaza anafuna kuseka, anakumbukira, n'kudzigwira.

Tisanalowe m'mudzi tinakumana ndi amuna akubwera m'kanjira ka m'munda wa fodya wokolola kale. Ankayenda mwakachetechete, mathalauza atapinda, mapazi ofiira ndi dothi. Anayi a iwo ananyamula jeneza, chithatha chija amanyamulira maliro. Ankachinyamula ndi dzanja limodzi aliyense, mopepuka. Sindinafunikire kufunsa.

Alamu anga anali cha kumbuyo. Anandiona, anabwera, anandigwira manja onse awiri pamodzi ndi mtolo womwe.

"Tinadikira, alamu. Tinapitirira nthawi. Foni yanu siinkalowa. Kenaka okumba anabwera kudzanena kuti madzi ayamba kulowa m'manda, ashehe n'kuti sitingamuzunzenso."

"Nanga nsalu?"

"Amayi anga anatulutsa yawo."

Ananditengera kumanda, awirife. Panali mulu wa dothi lofiira, lonyowa, zidindo za manja zikuoneka pamene anthu anasalaza. Alamu anapemphera. Ine ndinaima opanda nsapato, nditakumbatira mtolo wonunkha usipa. Ndinayesa kunena pemphero la kwathu, koma linathera pakati. Ndinaona kuti nyerere zayamba kale kukonza njira yawo pamwamba pa mulu. Ndinaziyang'ana mpaka alamu anandigwira pachigongono.

Kunyumba anandilowetsa m'chipinda cha amayi awo, apongozi a achemwali. Ndi munthu wokalamba kwambiri, wamng'ono thupi, wosamva bwino khutu limodzi. Iwo ndi achemwali anakhala khomo limodzi zaka zonsezi akukangana za mchere ndi za nkhuku. Ndinawapeza atakhala pabedi, sutikesi yachitsulo ili pambali yotsegula, mulibe kanthu. Alamu anandinong'oneza kuti sanda imeneyo anaigula okha kalekale ndi ndalama za fodya wawo, ndipo chaka chilichonse ankaitulutsa kukayanika padzuwa, osalola munthu kuikhudza.

Ndinagwada, ndinapereka moni ndi chipepeso. Maso awo anali pa mtolo.

"Ndi imeneyo?"

"Ndi imeneyi, amayi."

"Bweretsani kuno. Ndakhala tsiku lonse wopanda sanda ine. Ndikanafa masanawa mukanandiika m'chiyani, m'thumba la chimanga?"

"Amayi," anatero alamu.

"Ndikunama? Mkazi wanu uja wandilanda zambiri, lero wandilandanso nsalu. Amayenera kuyamba ndine."

Zala zanga zinakanika kumasula kachingwe, alamu ndiwo anamasula. Anachotsa pulasitiki, anachotsa jumbo. Nsalu inatuluka yoyera mbee, youma, yopanda ngakhale kadontho. M'chipinda monse chinthu chouma chinali chimenecho. Amayiwo anaitambasula pamiyendo, anayeza ndi mkono, anaitsina pakati pa zala, anaiyang'anira kuwindo.

"Yanga inali yolimba kuposa iyi."

"Pepani, amayi."

Anaibweretsa kumphuno.

"Ikununkha usipa."

Ndinafuna kufotokoza za mayi wa pa kalole uja, koma nkhaniyo inandionekera yaitali. Iwo ananunkhizanso kachiwiri, nthawi yotalikirapo. Kenaka anaipinda mosamala, anaiika m'sutikesi, anakhoma, n'kumangirira kiyi pakona ya mpango wawo.

"Mpatseni chovala mlamu wanuyu," anauza mwana wawo. "Akunjenjemera ngati nkhuku. Tisaikenso wina mawa, nsalu ndi imodzi."

Chimene chinapezeka pafupi chinali juzi ya achemwali, yobiriwira, ya mabatani ooneka ngati maluwa. Inali pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinaivala. Manja ake anathera pamwamba pa mfundo za manja anga. Ndinakhala nayo pakati pa amuna pakhonde, ndikumwa tiyi, ndipo palibe amene anaseka.

Ndinatsika patapita masiku angapo, sadaka yoyamba itachitika. Kunali kutayera. Lole anali ataichotsa, pakona panangotsala masamba a fodya omatirira pa tala ndi nthambi ija ataikankhira kumbali. Ndinasuzumira kuphompho lija, lomwe tsopano linkaoneka mpaka pansi. Titafika pachigwa kutentha kunatilandira monga mwa masiku onse. Ndinafika pamlatho ndili chivalire juziyo, nditavala nsapato za alamu zondikulira. Njinga ija ndinaipeza, anzanga a pamalopo anailowetsa. Mwini wake anabwera akudandaula kuti gudumu likugwedezeka, ndipo ankanena zoona, natiyo ndinaimanga mopotoka.

Amayi aja alipobe mpaka pano. Ndimakwera kukawaona nyengo ya dzuwa, jekete ili m'manja. Ndikangolowa, asanandifunse n'komwe za kunyumba, amagogoda sutikesi ndi ndodo yawo.

"Nsalu yanu ilipo. Ndayanika chaka chino, fungo silikuchoka."